Mmene Pentium Inapezera Dzina

Kwa zaka zambiri kampani ya Intel inkatcha tizipangizo timene tili ngati ubongo wa kompyuta ndi manambala chabe: 286, 386, 486. Koma mu 1991 khoti la ku America linagamula kuti nambala ilibe mwini, motero kampani yopikisana nayo ya AMD inagulitsa kake ka Am386 popanda choletsa.

Intel inatengerapo phunziro. Inapita kwa akatswiri a Lexicon Branding, amene anatola liwu la Chigiriki lakuti pente, kutanthauza zisanu, naumba dzina lakuti Pentium. Kachipangizoko kanatuluka mu 1993. Chaka chotsatira kanapezeka kakulakwitsa masamu ogawa, manyazi aakulu kwa chinthu chopangidwira kuwerengera, ndipo Intel inataya madola 475 miliyoni posinthira ogula. Dzinalo silinafe nawo manyaziwo. Linakhalabe pa makompyuta zaka pafupifupi 30.