"Bambo" wa ku Rufaro: Moses Chunga ndi Muyeso wa Kutchuka

Kutchuka kwa wosewera mpira kumadalira zinthu ziwiri: luso lake, ndi anthu amene anasunga umboni wa lusolo. Mbiri ya Moses Chunga wa ku Zimbabwe ikutsimikiza mfundoyi.

Chunga anabadwa mu 1965 kwa makolo ochokera ku Malawi. Anali mmodzi wa ana a matchona amene anakhazikika m'makomboni a Salisbury, mzinda womwe lero ukutchedwa Harare. M'madera monga Mbare, Highfield ndi Mufakose, anthu otere ankanyozedwa ndi dzina lakuti "mabhurandaya", kutanthauza ochokera ku Blantyre. Koma pa bwalo la Rufaro ku Mbare, kwawo kwa timu ya Dynamos imene inakhazikitsidwa mu 1963, chitonzocho chinkazilala mnyamatayu akagwira mpira. Ochemerera anamupatsa dzina lakuti "Razorman", ngati kuti ankadziwa mwambi uja wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Dzina lina limene lamukanirira ndi la Chichewa: "Bambo". Mu 1986 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapita kukasewera ku Eendracht Aalst, timu yaing'ono ya ku Belgium. Apa ndi pamene njira yake inasiyana ndi ya Peter Ndlovu wa ku Bulawayo, amene analowa Coventry City mu 1991. Chaka chotsatira ligi ya Premier inayamba ku England, ndipo wailesi zakanema zinafalitsa zigoli za Ndlovu m'maiko ambiri. Zigoli za Chunga zinatsala m'maso mwa amene analipo pabwalo. Komanso Zimbabwe inafika koyamba ku ndime yomaliza ya chikho cha maiko a mu Africa mu 2004, iye atapachika kale nsapato.

Atakhala mphunzitsi, anadziwika ndi kukhulupirira achinyamata. Gulu la anyamata limene anaumba ku Dynamos linatchedwa "Kidznet", ndipo mu 2009 anatenga ligi ndi timu ya Gunners. Anthu a ku Aalst nawo sanamuiwale: mu 2012 anamuitana kukamuchitira ulemu.

Zonsezi zinkachitika pamene ana ambiri a matchona anali pamavuto a unzika. Lamulo la mu 2001 linawasandutsa alendo m'dziko limene anabadwira, kufikira malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anawabwezera ufulu. Mzinda umene unkafuula "Bambo" pa Rufaro ndi womwewo umene unkafunsa abale ake mapepala.

Kwa wolemba mbiri, vuto lili pa umboni. Zaka za Ndlovu zinajambulidwa ndipo zikhoza kuonedwanso. Zaka zabwino za Chunga zili m'nyuzipepala zakale ndi m'kamwa mwa madoda a ku Mbare, amene akukalamba. Ngati mawu awo salembedwa, mbadwo wamawa udzayesa kukula kwa osewera awiriwa ndi muyeso wa kamera wokha.