Pumani, Mayi

Mayi, lero pa 19 Januwale zakwana zaka zisanu chitisiyireni. Mvula yagwa usiku wonse monga inachitira tsiku lija, ndipo mapiri a ku Ntchisi abisala m'nkhungu. Alongo anga aphika thobwa, amalume atenga khasu kukalambula kumanda, ine andipatsa cholembera poti ndine amene munandigulitsira mbuzi kuti ndiphunzire. Ndilemba za mpweya, chifukwa ndi umene unatisungira mdzukulu wanu, ndiponso ndi umene unakusowani inu.

Mukukumbukira 2016, mlongo wanga atachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha? Kamwanako kankakwana m'manja mwanu, kakubuula pa kupuma kulikonse, nthiti zikulowa m'kati ngati wina akuzikoka ndi chingwe. Kuchoka pa Madisi anatikweza ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Namwino atabwera ndi timapaipi toika m'mphuno, inu munaima pakati pa iye ndi mwana. "Iyayi mwanawe, zimenezo ayi. Kwathu amati mwana akamuika pa okosijeni ndiye kuti amutsiriza." Simunali nokha oganiza choncho. Anthu ankaona ana akumwalira ali ndi timapaipi m'mphuno, osaganizira kuti anafika nawo mochedwa, mpweya n'kusenza mlandu wa matenda.

Namwino uja sanakukalipireni. Anakukhazikani pampando n'kukuonetsani botolo la madzi lomwe linali pa makinawo. "Agogo, sitimulowetsa chilichonse kukhosi. Azipuma yekha, ife tingomugwiririra mapapo." Anafotokoza kuti mapapo a mwana wosakwana masiku amamatana akatulutsa mpweya, ngati jumbo yonyowa, ndipo pofuna kuwafutukulanso mwanayo amatha mphamvu mpaka kulefuka. Makinawo amapemerera m'mphuno mpweya wosakaniza ndi okosijeni, nsonga ina ya paipi itamizidwa m'madzi a m'botolo, ndipo kuzama kwa madziwo ndiko kumasunga mphamvu yoti mapapo akhale otsegukabe. Anamaliza ndi mawu amene munawasandutsa lamulo: "Madzi akasiya kubwata, mundiitane."

Masiku asanu ndi anayi maso anu sanachoke pa botolo lija. Kapaipi kakasuntha munkaitana. Mphuno ikatsekeka ndi mamina munkaitana, ngakhale pakati pa usiku, mpaka anamwino anakupatsani dzina loti sisitala wamkulu. Tsiku lakhumi mwana anamuchotsa pa makina, munamumangirira pachifuwa cha amake ndi chitenje chanu cha Mvano.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti makinawo dzina lawo ndi Pumani, ndipo chiyambi chawo chili konkuno. Anawapanga ophunzira ndi aphunzitsi a ku Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a ana a pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ena mwa iwo Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dokotala Kondwani Kawaza. Chopemerera chawo anatengera timapampu ta m'matanki owetera nsomba za m'nyumba, n'chifukwa chake mtengo unatsika kufika poti zipatala za maboma n'kukhala nawo. Atawayesa pa Queen Elizabeth pomwepo mu 2012, mwa makanda 100 alionse oikidwa pa makinawo, 71 anatuluka amoyo, pomwe mwa olandira okosijeni wamba anapulumuka 44.

Koma botolo palokha silichiza. Ku Salima, kutsika mapiri athuwa, anayesa njira yomweyi pa ana 644 odwala chibayo choopsa, m'wodi momwe dokotala sankawaona tsiku ndi tsiku. Zotsatira zitatuluka mu 2019, anapeza kuti mwa ana 100 oikidwa pa makina anamwalira 17, pomwe mwa a okosijeni wamba anamwalira 11. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira maso anu ofiira ndi tulo. Mdzukulu wanu anapulumuka chifukwa panali makina, panali namwino wodziwa ntchito, panalinso gogo wosagona.

Kenaka 2021 inafika. Pa 12 Januwale wailesi inalengeza kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anati dziko lagwa m'ngozi. Inu munali mutayamba kale kutsokomola, koma munkati ndi chimfine cha mvula, mukudzifukiza ndi masamba a bulugama kenaka n'kupita kukabandira chimanga. Ife tinakumverani, ndipo mlandu umenewo ndi wathu. Pomwe tinkakufikitsani kuchipatala, kachipangizo ka pachala kanaonetsa 74, chonsecho munthu akatsika pa 90 amafunika kale thandizo.

Anakugonekani chafufumimba, anakuvekani chophimba pamphuno ndi pakamwa. Makina a pambali panu ankapereka malita asanu pa mphindi, thupi lanu linkafuna khumi ndi asanu. Silinda inali imodzi, odwala anayi, namwino mmodzi akuthamanga pakati pawo ngati nkhuku yolondola anapiye omwazika. Usiku wachiwiri magetsi anazima. Munandikoka dzanja n'kunong'ona kuti, "Botolo lija lili kuti?" Ndinakuyankhani kuti lija ndi la makanda. Munagwedeza mutu, ndipo simunalankhulenso.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpweya nawonso n'chimodzimodzi: wa m'silinda ili ku Lilongwe, kapena wa makina odikira magetsi, si wako. M'masiku omwewo Amalawi wamba, motsogozedwa ndi mlembi Onjezani Kenani pa Facebook, anasonkha ndalama zogulira masilinda ndi zipangizo zotulutsira mpweya, ndipo ambiri anapulumukirapo. Inu munali mutapita kale. Sitinagone pa siwa, sitinakuoneni nkhope. Adzukulu anakumba manda n'kuima patali, anthu ovala zoyera zapulasitiki ndiwo anakutsitsani.

Lero abale akasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndiwauza zomwe munaphunzira mu 2016, zomwe tinaiwala mu 2021. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa, kapena wamkulu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, si za mawa ayi, kabaza aitanidwe pomwepo. Namwino akabwera ndi timapaipi, tisamuimire kutsogolo. Ndipo aphungu akadzabwera kudzapempha mavoti, tidzawafunsa za magetsi a dzuwa m'zipatala zathu, za masilinda odzaza, ndi za kuchuluka kwa anamwino a usiku.

Mdzukulu wanu akwanitsa zaka khumi chaka chino. Amathamanga kuchokera kudimba mpaka kunyumba osaima, ndipo nkhani ya botolo amaidziwa chifukwa amake amamusimbira kawirikawiri. Titamanga chiliza chanu anawerenga yekha mawu olembedwapo, akuti "Pumani mumtendere", n'kutembenukira kwa ine. "Amalume, agogonso anawaika pa Pumani?" Ndinasowa choyankha. M'chinenero chathu mawu ndi amodzi omwewo, kwa wokoka mpweya ndi kwa wotula katundu. Iye munamudikirira mpaka anapuma yekha. Inuyo, Mayi, pumani.