Chimene Tyndale Anapempha Ali M'ndende

Lero ndikuuzeni za William Tyndale wa ku England. Munthuyu anaphunzira Chihebri, ndipo mu 1530 anatulutsa mabuku asanu a Mose m'Chingerezi. Akuluakulu a mpingo zinawanyansa. Mu 1535 anamugwira ku Antwerp, nakamutsekera m'ndende ya Vilvoorde. Kutazizira, analemba kalata yopempha chipewa chofunda ndi nyale. Koma chimene anachonderera koposa, mukundimva kodi, chinali Baibulo lake la Chihebri ndi mabuku ophunzirira chinenerocho. Mu 1536 anamunyonga, mtembo n'kuutentha. Komabe mawu ake ambiri analowa m'Baibulo la King James, akulalikidwa mpaka lero. Abale anga, ine zimandichititsa manyazi, pakuti masiku ena langa limagona osatsekulidwa. Nanga lanu?