Cifukwa Cimene Nissan Inakanira Honda

Pa 23 Disembala 2024, amuna atatu anaimirira pamaso pa atolankhani mu mzinda wa Tokyo ku Japan. Anali Toshihiro Mibe, mkulu wa kampani ya Honda, Makoto Uchida wa Nissan, ndi Takao Kato wa Mitsubishi Motors. Uthenga wao unali wakuti Honda ndi Nissan zayamba kukambirana zokhala pansi pa kampani imodzi pofika mu Ogasiti 2026, ndipo Mitsubishi nayo inali kuganizira zolowamo. Zikanatheka, gulu latsopanolo likanakhala lacitatu pa dziko lonse pa kugulitsa mamotoka, kutsatira Toyota ndi Volkswagen. Koma patangopita masiku 52, pa 13 Febuluwale 2025, makampaniwo analengeza kuti zokambirana zatha.

Maina amenewa si acilendo kwa ife. Honda Fit timaikwera ngati takisi, Nissan March ndi Tiida zili mbwee m'miseu ya m'komboni, ndipo ambiri mwa mamotoka amenewa anabwera atagwirako kale nchito ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde. Kumudzi, agogo amati “honda” akaona njinga yamoto iriyonse, kaya inapangidwa ndi ndani. Tsono n'coyenera kufunsa: cinalepheretsa mgwirizano umenewu n'ciani? Ambiri amayankha kuti ndi ndalama, ndipo sakunama. Koma kuti timvetse bwino, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 60, cifukwa kampani iriyonse inapita ku zokambiranazo itasenza mbiri yake.

Soichiro Honda anabadwa mu 1906 m'cigawo ca Shizuoka. Atate ake anali wosula zitsulo amene anali kukonzanso njinga. Ali ndi zaka 15, mnyamatayu anapita ku Tokyo kukaphunzira umakanika pa garaji ina. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, anthu a ku Japan analibe coyendera, ndipo iye anayamba kumangirira tumainjini totsala kwa asilikali pa njinga zakapalasa. Mu 1948 anakhazikitsa kampani ya Honda Motor ku Hamamatsu, ndipo mu 1958 anatulutsa Super Cub, kanjinga kamoto kamene pofika mu 2017 kanali katapangidwa koposa mamiliyoni 100.

Pamene Soichiro anafuna kuyamba kupanga mamotoka, anapeza boma litaima pakhomo. Mu 1961 unduna woona za malonda ndi mafakitale, wochedwa MITI, unali kuopa kuti makampani ang'onoang'ono a ku Japan sadzalimba pamaso pa zimphona za ku America monga General Motors ndi Ford. Tsono unakonza zakuti opanga mamotoka asonkhanitsidwe m'magulu atatu cabe, ndipo atsopano asaloledwenso kulowa. Soichiro anakwiya kwambiri. Maganizo ake anali akuti boma lilibe mphamvu zouza munthu cimene ayenera kupanga ndi manja ake. Pofuna kuti lamulo limupeze ali kale m'kati, anafulumiza anchito ake, ndipo mu 1963 Honda inatulutsa kalole kochedwa T360 ndi kamotoka kaliwiro ka S500. Lamulo lija linafera m'nyumba ya malamulo mu 1964. Kucokera pamenepo Honda inakula ndi mtima wodziimira payokha, ndipo mpaka lero palibe kampani ina ya mamotoka imene inailamulirapo.

Nissan inayenda njira ina. Inayambira ku Yokohama mu 1933 pansi pa Yoshisuke Aikawa, ndipo mamotoka ake a Datsun ndiwo anaichukitsa m'maiko ambiri. Inali kampani yaikulu, yomvana ndi boma ndi mabanki. Mu 1966 inacita zimene MITI inali kufuna: inameza kampani yaing'ono ya Prince, n'kutenga motoka yake yochuka ya Skyline pamodzi ndi fakitale yake ya ku Murayama. Dzina la Prince linazimirira pa mamotoka. Conco Nissan inali kudziwa bwino cimene cimacitikira wamng'ono makampani awiri akaphatikizana, pakuti nthawi imeneyo iyo ndiyo inali kumeza.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990, cuma ca Japan citagwa. Nissan inali ndi mafakitale ambiri, mitundu yambiri ya mamotoka osayenda malonda, ndi ngongole yofika pafupifupi mathiriliyoni awiri a ndalama za yen. Inakambirana ndi DaimlerChrysler, koma a kumeneko anabwerera m'mbuyo. Amene anatsala anali Renault ya ku France, ndipo mu Malichi 1999 Renault inagula maperesenti 36.8 a Nissan pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi mabiliyoni 5.4. Pamodzi ndi ndalamazo inatumiza munthu wake, Carlos Ghosn, wobadwira ku Brazil m'banja locokera ku Lebanon.

Ghosn sanacedwe. Mu Okutobala 1999 analengeza kuti atseka mafakitale asanu ndi kucotsa malo a nchito 21,000. Imodzi mwa mafakitalewo inali ya ku Murayama, ija ya Prince. M'dziko limene munthu anali kulowa kampani ali mnyamata n'kutulukamo ali ndi imvi, zimenezi zinali zowawa kwambiri. Komabe mankhwalawo anagwira: pasanathe zaka ziwiri Nissan inayambanso kupeza phindu, ndipo mu 2010 inatulutsa Leaf, imodzi mwa mamotoka oyamba oyendera batire kugulitsidwa mwaunyinji.

Koma mgwirizanowo unali wopendekeka. Gawo la Renault mu Nissan linakwera kufika maperesenti oposa 43, pamene Nissan inali ndi maperesenti 15 cabe mu Renault, ndipo amenewo analibe voti. Boma la France nalo linali ndi gawo mu Renault, kutanthauza kuti mau a ku Paris anali kumveka mpaka ku Yokohama. Coipirapo m'maso mwa a ku Japan cinali cakuti Nissan ndiyo inali kugulitsa mamotoka ambiri kuposa Renault, ndipo zaka zambiri phindu lake ndilo linali kunenepetsa mnzakeyo. Anali ngati mkamwini amene alima munda waukulu, koma nkhokwe n'kukhala ya apongozi.

Mkwiyo umenewu unaonekera poyera pa 19 Novembala 2018, pamene Ghosn anagwidwa atangotera pa bwalo la ndege la Haneda ku Tokyo. Anamuimba milandu yobisa kukula kwa malipiro ake ndi kugwiritsa nchito molakwa ndalama za kampani. Iye anakana milanduyo, n'kunena kuti cinali ciwembu ca akuluakulu a Nissan amene sanafune kuti kampani yao iphatikizidwe kotheratu ndi Renault. Mu Disembala 2019 anathawa ku Japan atabisala m'bokosi lonyamulira zipangizo za oimba, n'kukafika ku Lebanon. Mlandu wake ku Japan sunazengedwe. Mu 2023 Renault inavomera kuti mphamvu za mavoti zikhale zofanana, maperesenti 15 mbali iriyonse. Patapita zaka 24, Nissan inamva ngati yamasuka.

Ufuluwo unafika nthawi yoipa. Ku China, kumene Honda ndi Nissan zinali kugulitsa mamotoka ambiri, ogula anatembenukira ku mamotoka a batire opangidwa kwao komweko, ochipa ndiponso odzaza ndi zamakompyuta. Kampani ya BYD, imene inayamba mu 1995 monga yopanga mabatire, inagulitsa mamotoka oposa mamiliyoni anai mu 2024, kupambana Honda ndiponso Nissan. Ku America anthu anali kufuna mamotoka ophatikiza petulo ndi batire, koma Nissan inalibe oterowo oti iwagulitse kumeneko. Mu Novembala 2024 Uchida analengeza kuti phindu lagwa koopsa ndipo anthu 9,000 acotsedwa nchito. Kupanga batire yatsopano ndi mapulogramu a m'motoka kumadya ndalama zosaneneka, ndipo makampani onse awiri anaona kuti mutu umodzi susenza denga. N'cifukwa cake anakumana ku Tokyo.

Pa pepala, mgwirizanowo unaoneka wa anthu olingana: kampani yatsopano pamwamba, Honda ndi Nissan pansi pake, iriyonse ndi dzina lake. Koma pa msika wa masheya Honda inali ndi mtengo woposa wa Nissan pafupifupi kanai, ndipo zinagwirizanidwa kale kuti Honda ndiyo idzasankha mtsogoleri ndi ambiri mwa akuluakulu a kampani yatsopanoyo. Honda inafunanso kuona Nissan ikudzicepetsa mwamsanga, ndipo itaona kuti zinthu zikucedwa, inasintha mau. Inati kuli bwino Nissan ingokhala kampani ya pansi pa Honda, masheya ake onse akhale m'manja mwa Honda. Kampani ija imene mu 1961 inakana kuti boma liiphatikize ndi ena, tsopano ndiyo inali kufuna kumeza mnzake.

Akuluakulu a Nissan anakana. Ena amati kunali kunyada cabe, kwa kampani yakale imene sinafune kulamulidwa ndi imene inayamba ndi njinga. Kunyada kunalipo ndithu. Koma anthu amenewa anali atangotuluka kumene m'manja mwa Renault, ndipo kampani yao inali kukumbukira cimene iyo yomwe inacitira Prince. Munthu amene anapsapo ndi moto sitingamuseke akamaopa mbaula. Nayonso Honda inali ndi mfundo: ndani angamangirire bwato lake ku bwato lothonya popanda kugwira nkhafi?

Kukanako sikunacotse vuto. Uchida anatula pansi udindo, ndipo pa 1 Epulo 2025 Ivan Espinosa wa ku Mexico anatenga mpando. Mu Meyi kampaniyo inalengeza kuti yataya mabiliyoni 670 a yen m'caka cimodzi, kuti ocotsedwa nchito afika 20,000, ndi kuti mafakitale ake opanga mamotoka atsika kucoka pa 17 kufika pa 10. Mu Julayi kunamveka dzina limene ambiri ku Japan anali kuopa kumva: Oppama. Fakitale imeneyi, ya mu mzinda wa Yokosuka, inayamba nchito mu 1961, ndipo ndiyo inatulutsa Leaf yoyamba. March ndi Tiida zambiri zimene timaona kuno zinabadwira kumeneko. Idzaleka kupanga mamotoka pofika mu Malichi 2028, ndipo anchito ake ali pafupifupi 2,400, osawerengera a m'makampani ang'onoang'ono opanga masipeya ndi ogulitsa zakudya pafupi ndi geti.

Tikaika zaka ziwirizi pamodzi tiona cinthu cimodzi. Mu 1999 Nissan inavomera kulamulidwa, ndipo malo a nchito 21,000 anatha. Mu 2025 inakana kulamulidwa, ndipo 20,000 akutha. Honda ikanapambana, nayonso ikanatseka mafakitale, pakuti ndico cinali cimodzi mwa zofuna zake. Zimene mabwana anali kukangana m'masiku 52 aja zinali za mpando ndi dzina. Za wowocherera zitsulo wa ku Oppama zinali zitagamulidwa kale, m'zaka zimene kampani yake inatanganidwa ndi mikangano ya Paris ndi Yokohama pamene a ku China anali kuphunzira kupanga batire yochipa.