Masewera a pa intaneti: ndani amasunga mbiri ya wosewera?

Ku Chikanda mumzinda wa Zomba, komwe kumakhala ophunzira ambiri a pa University of Malawi, achinyamata amasewera masewera a pa foni tsiku ndi tsiku. Pali mtundu wina wa masewerawa, wotchedwa cloud gaming, womwe suikidwa m'foni: masewerawo amayendetsedwa pa makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndipo foni imangolandira zithunzi. Zitsanzo ndi Xbox Cloud Gaming ya Microsoft ndi GeForce NOW ya Nvidia.

Chifukwa cha kapangidwe kotereka, batani lililonse lomwe wosewera wadina limakafika ku kampaniyo. Kampani imadziwanso nthawi yomwe munthu wayamba ndi kusiya kusewera, mtundu wa foni yake ndi dera lomwe ali, kuwonjezera pa dzina ndi imelo zomwe adapereka polembetsa. Palibe njira yosewerera mobisa.

Nkhawayi siyongopeka. Mu June 2023, Microsoft idavomera kulipira $20 miliyoni boma la America litaiimba mlandu wosunga mbiri ya ana olembetsa pa Xbox makolo asadavomereze.

Kuno kumudzi, gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la Data Protection Act la 2024 lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu, ndipo munthu ali ndi ufulu wofunsa zomwe zasungidwa zokhudza iye ngakhalenso kupempha kuti zifufutidwe. Chovuta n'chakuti makompyuta osunga mbirizi ali m'maiko ena, komwe nkovuta kuti MACRA ikaone zomwe zikuchitika.