Maliro Amene Sitinalire

Pa 27 Januwale dziko lapansi limakumbukira Ayuda 6 miliyoni amene boma la Hitler linapha. Komatu anthu a mtundu wa Roma, omwe makolo awo anachokera ku India, nawonso anaphedwa miyandamiyanda. Boma la West Germany linadikira mpaka 1982 kuti livomereze mlanduwo.

Zimenezi zimandikumbutsa kwathu kuno ku Mulanje. Boma la Kamuzu litaletsa Mboni za Yehova mu 1967, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri nathawira ku Mozambique. Chiletsocho chinatha mu 1993.

Choncho ndikuti ana athu akamaphunzira za Ayuda, amvenso za mtundu wa Roma ndi za anansi athuwa, pakuti munthu amene sitinamulire savuta kumuzunzanso.