Kufufuza mbiri ya asilikali a KAR m'boma la Lilongwe

Kufufuza mbiri ya asilikali a KAR ndi ntchito yolondola moyo wa makolo amene anamenya nkhondo m'nthawi ya atsamunda. Mabanja a m'madera monga Chiwamba, Nsaru, Kabudula ndi Namitete amadalira zinthu zosungidwa pakhomo, zokamba za akuluakulu ndi zikalata za boma.

Mbiri ya gululi

Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo asilikali a ku Nyasaland likulu lawo linali ku Zomba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe anthu ankaitcha ya Chiwaya, anamenyana ndi Majeremani ku Karonga ndi ku Tanganyika. Amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri asilikaliwa anafika ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Mu 1964 gulu la ku Nyasaland linasanduka Malawi Rifles.

Poyambira

Chofunika kwambiri ndi nambala ya msilikali, chifukwa mayina ankalembedwa mosiyanasiyana ndipo ena ankalembetsa dzina losiyana ndi lakumudzi. Nambalayi imapezeka pa chikalata chopumira usilikali. Mamendulo ambiri a nkhondo yoyamba ali ndi dzina ndi nambala m'mphepete mwake, pamene a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina. Wofufuza amafunikanso kudziwa mudzi ndi nyakwawa ya nthawiyo. Mabuku a ubatizo a m'mamishoni monga Likuni ndi Nambuma angathandize kutsimikiza dzina.

Kumene kuli zolembedwa

Zikalata za boma la atsamunda zimasungidwa ku National Archives of Malawi ku Zomba. Mabuku osimba zimene magulu a nkhondo ankachita tsiku ndi tsiku ali ku The National Archives ku Kew, mu London, koma kawirikawiri satchula asilikali wamba. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lili ndi mayina a omwalira pa intaneti.

Zovuta

Amtengatenga ndi ovuta kuwalondola. Mu 2021 bungweli linavomereza kuti Aafirika ochuluka amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina awo. M'mabanja otere umboni wotsala ndi wapakamwa, ndipo umachepa nkhalamba iliyonse ikamwalira. Buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War linadalira kwambiri umboni wa mtundu umenewu.